Ngalande, madzi a mvula ndi mitsinje ya m'mizinda yathu: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amabwera chaka ndi chaka, makamaka mvula yoyamba ikagwa mu Novembala, anthu n'kudzuka matope ali m'nyumba. Ndawamva pamisonkhano ya m'dera, m'minibasi ndi pamizere ya pakiyosiki ya madzi. Zitsanzo zambiri ndi za ku Blantyre ndi ku Lilongwe, koma wa ku Mzuzu kapena ku Zomba azizindikira.

Kodi ngalande ya madzi a mvula ndi suweji si chinthu chimodzi?

Ayi, ndipo mavuto ambiri amayambira pa kusokoneza ziwirizi. Suweji ndi mapaipi otseka, okwiriridwa pansi, amene amatenga zonyansa za m'chimbudzi, madzi a kubafa ndi a kukhitchini kupita nawo kumalo otsukira madzi. Ku Lilongwe malo aakulu otere ali ku Kauma. Ku Blantyre aliko ku Manase, ku Soche, ku Limbe ndi ku Chirimba. Kumeneko madzi amadikha m'mathanki ndi m'maiwe, zolemera zimatsalira pansi, zina zimawola, kenako madziwo amawatulutsira mumtsinje.

Ngalande ntchito yake ndi imodzi basi, kuchotsa madzi a mvula pamsewu ndi pakhomo mwamsanga. Ilibe sefa, ilibe mankhwala, sidutsa pamalo aliwonse otsukira. Chimene chalowa m'ngalande chalowa mumtsinje.

Nanga madziwo amakathera kuti?

Ku Blantyre ngalande zimathira mu Mudi, Nasolo, Naperi, Likhubula ndi timitsinje tina, ndipo madzi ambiri a mumzindawu amakathera mu Shire. Ku Lilongwe zimathira mu Lingadzi, mu Mchesi ndi mumtsinje wa Lilongwe, umene umakakumana ndi Linthipe n'kukalowa m'nyanja ya Malawi cha ku Salima.

Koma musanaganize za Shire ndi nyanja, yang'anani pafupi. Tsikirani kumtsinje m'mawa wa Loweruka m'mwezi wa Okutobala. Mupeza amayi akuchapa pamwala, ana akusambira, ndi bambo wa dimba akutunga madzi omwewo ndi kheni kuthirira mpiru ndi repu. Masamba amenewo mawa lake ali pamsika, madzulo ali m'poto mwanu. Zitsime zosazama za m'mbali mwa mtsinje nazo zimamwa madzi omwewo kudzera m'nthaka.

Ndani ali ndi udindo womanga ndi kukonza ngalande?

M'misewu ya mumzinda, m'misika ndi m'madepoti, udindo ndi wa khonsolo ya mzinda. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 ndilo limapatsa makhonsolo ntchito ya ukhondo, kuchotsa zinyalala ndi kusamala misewu ya m'dera lawo, komanso mphamvu yopanga malamulo awoawo a mumzinda. Misewu ikuluikulu ya dziko, monga M1, ili m'manja mwa bungwe la Roads Authority, pamodzi ndi milatho ndi makalavati ake.

M'kati mwa poloti yanu udindo ndi wanu. Ngati muli pa lendi, kumanga ngalande ndi kwa landilodi, koma kuisesa ndi kwa amene mukukhalapo. Kalavati ya pageti, imene galimoto imadutsapo polowa kumpanda, kawirikawiri amaika ndi mwini nyumba, ndipo apa ndi pamene pamatsekeka kwambiri. Munthu amagula paipi yaing'ono yotchipa, kapena kungothira dothi m'ngalande kuti galimoto idutse, madzi a msewu wonse n'kusowa kolowera.

Malamulo ake ndi ati?

Alipo angapo, ndipo amagwira ntchito mothandizana.

Lamulo la zachilengedwe, Environment Management Act la 2017, limanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi osaononga thanzi. Ndilo linakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, ndipo limatsatira mfundo yakuti woipitsa ndiye alipire zokonzera. Lamulo la zamadzi, Water Resources Act la 2013, linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, ndipo limaletsa kuthira madzi oipa mumtsinje popanda chilolezo. Lamulo la zaumoyo, Public Health Act, ndi lakale kwambiri, la 1948, koma limapatsabe khonsolo mphamvu yolamula mwini malo kuchotsa chilichonse choika moyo wa anthu pachiswe, monga chimbudzi chosefukira kapena chithaphwi choswa udzudzu. Lamulo la mapulani, Physical Planning Act la 2016, ndilo limafuna kuti munthu apeze chilolezo asanamange. Pansi pa onsewa pali malamulo a khonsolo iliyonse, amene amatchula milandu ndi zindapusa zake.

Malamulo tili nawo okwanira. Chimene chikuchepa ndi anthu oyendera, galimoto zoyendera, ndi kulimba mtima kolanga munthu wa ndalama mofanana ndi wosauka.

Bwanji masiku ano madzi akusefukira malo amene kale sankasefukira?

Anthu ambiri amathamangira kunena kuti nyengo yasintha. Ndi zoona, anamondwe achuluka: Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Freddy mu Malichi 2023. Koma ngakhale mvula ikanagwa monga inkagwera kale, mizinda yathu ikanasefukirabe, chifukwa nthaka yomwa madzi yatha.

Tiwerengere limodzi. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pamalo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi, pamakhala lita imodzi ya madzi. Denga la malata la mamita 10 uku ndi mamita 10 uko, mvula ya mamilimita 50 ikagwa usiku umodzi, limatsitsa malita 5,000. Amenewo ndi zigubu 250 za malita 20, kuchokera pa nyumba imodzi. Kale pamalo pomwepo panali udzu ndi mitengo, madzi ambiri ankalowa pansi pang'onopang'ono. Lero pali malata, bwalo la simenti, mpanda wa njerwa ndi msewu wa tala. Dontho lililonse limathamangira kunsi nthawi imodzi.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mumzinda wa Lilongwe ndi 800,000 mumzinda wa Blantyre. Ngalande zambiri za m'mizindayi zinamangidwa anthu ali ochepa kwambiri poyerekeza ndi pamenepa, ndipo madera ambiri amene anthu anadzipezera okha malo alibe ngalande n'komwe. Onjezaniponso mapiri ometedwa mpala. Ndirande ndi Soche anali ndi nkhalango zimene zinkagwira madzi ndi dothi. Mitengo itatha, nyumba zinakwera phiri. Zimene zinachitika ku Chilobwe pa nthawi ya Freddy, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu ali momwemo, palibe wa ku Blantyre amene adzaiwale. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa.

Madambo nawo tawadzaza. Dambo ndi mosungira madzi mwachilengedwe: limalandira chigumula n'kumachitulutsa pang'onopang'ono. Tikathiramo dothi n'kumangapo, madziwo sasowa, amangopita kwa wina.

Ndikataya zinyalala m'ngalande mvula ikugwa, madzi amazikokolola. Vuto lili pati?

Funso ili ndimalimva kwambiri, ndipo ambiri olifunsa si anthu oipa mtima. Kwawo galimoto ya zinyalala sifika, malo okumba dzala palibe, thumba ladzaza ndipo likununkha. Mvula ikayamba kulindima padenga, mwana amatumidwa kuti athamange akakhuthule m'ngalande madzi asanaphwe.

Kumene ndimakhala ndi kumunsi kwa chitunda, ndiye ndinaona kumene thumba limenelo limakathera. Chaka china mu Januwale, cha m'ma 2 koloko usiku, mayi wina woyandikana nafe anagogoda pawindo. Madzi anali atafika m'mawondo m'chipinda chake, mphasa ikuyandama, thumba la ufa litanyowa, ana atawakweza patebulo. Tinatuluka ndi matochi ndi makasu kupita pakalavati ya pamphambano. Pakamwa pake panali patatsekeka ngati wamata ndi simenti: majumbo, mabotolo a zakumwa, mapampasi, nsapato, zitsononkho, chiguduli cha neti ya udzudzu, zonse zitalukana ndi mchenga. Tinakoka ndi manja kwa ola lathunthu. Titaboola, madzi anatuluka ndi mkokomo, ndipo posakhalitsa m'nyumba muja munangotsala matope. Mvula ya usiku umenewo sinali yoopsa. Chinamiza nyumba ija ndi zinyalala za anthu a kumtunda, amene anagona tulo tabwino osadziwa kanthu.

Kutaya zinyalala m'ngalande kapena mumtsinje ndi mlandu pa malamulo a khonsolo. Malo ovomerezeka otayirako ndi kumtaya, monga ku Mzedi ku Blantyre ndi ku Area 38 ku Lilongwe. Ngati kwanu galimoto sifika, werengani yankho la funso la msonkho m'munsimu.

Kodi majumbo opyapyala aja analetsedwa kapena ayi?

Analetsedwa. Boma linaika lamulo mu 2015 loletsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikiloni 60 (muyezo wa kukhuthala kwa pulasitiki). Makampani opanga mapulasitiki anapita kukhoti, ndipo mu 2019 khoti la Supreme linagamula kuti chiletsocho chipitirire. Pambuyo pake panabweranso ziletso zina za kukhoti zimene zinachedwetsa ntchitoyi kwa zaka. Jumbo siwola, ndipo ikanyowa imamatirira pa chilichonse, n'chifukwa chake ndiyo imayamba kutseka kalavati, zina zonse n'kumaunjikana pambuyo pake.

Ndingalumikize paipi ya kubafa kapena ya chimbudzi kungalande?

Ya chimbudzi, ayi, ngakhale pang'ono. Nyumba zambiri m'mizinda yathu sizinalumikizidwe ku suweji, zimadalira zimbudzi zokumba kapena thanki ya pansi. Zikadzadza pamafunika kuitana opopa, ndipo opopawo akatsitse kumalo otsukira madzi amene tatchula poyamba aja, osati kutchire kapena kumtsinje. Muziwafunsa kumene akukataya musanawalipire. Pali chizolowezi china chimene chimachitika mobisa: kuboola chimbudzi cham'mbali mvula yamphamvu ikugwa kuti zonyansa zipite ndi madzi. Ndikudziwa kuti kupopa kumadula. Koma wochita zimenezi akuthira matenda pabwalo limene ana a anzake amasewerapo opanda nsapato.

Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Kolera ndi taifodi zimayenda ndi chimbudzi cholowa m'madzi akumwa. Ngakhale madzi a pampopi sakhala otetezeka ngati paipi yake yang'ambika ndipo ikudutsa m'madzi onyansa, chifukwa madzi akasiya kutuluka, paipi yopanda kanthu imakoka zimene zili kunja kwake. Anthu a ku Area 18 ku Lilongwe anakumana nazo mu 2017, pamene zonyansa za m'suweji zinalowa m'madzi a m'mipopi yawo, nkhani n'kukafika kukhoti.

Madzi a kubafa ndi ochapira si oopsa ngati a chimbudzi, komabe malo ake ndi m'sokawe, dzenje lomwetsa madzi pansi. Akamayenda m'ngalande chaka chonse amadikha, amanunkha, ndipo udzudzu umaswana momwemo ngakhale m'chilimwe. Kakumbidwe ka sokawe kali m'yankho lomaliza.

Neba wamanga mpanda, tsopano madzi onse akulowa kwanga. Nditani?

Yambani ndi kukambirana, mvula isanabwerenso. Nthawi zambiri vuto limatha ndi kuboola mabowo angapo m'munsi mwa mpanda ndi kukumba kangalande kogwirizana m'malire. Wa kumunsi sangakane madzi otsika mwachilengedwe, koma wa kumtunda naye sayenera kusonkhanitsa madzi a denga ndi bwalo lake lonse n'kuwalozetsa pakhomo pa mnzake ndi paipi imodzi. Mumuuzenso kuti mpanda wotsekereza madzi ndi umene umagwa, ndipo mipanda yotere yapsinjapo anthu.

Zikakanika, pitani kwa amfumu kapena kwa atsogoleri a m'dera, kenako kwa khansala. Mukafika kukhonsolo, funsani a nthambi ya mapulani ndi ya zomangamanga kuti abwere adzaone ngati mpandawo unavomerezedwa, ndiponso ngati sunatseke njira ya madzi ya anthu onse. Jambulani zithunzi mvula ikugwa, chifukwa oyendera amabwera dzuwa likuwala, pansi pali gwa. Khoti likhale lomaliza.

Ndapeza poloti yotchipa pafupi ndi mtsinje. Ndingamange?

Yatchipa chifukwa chake chilipo. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo pankhani iyi mwambiwu umveni monga momwe ulili. Mtsinje ukhoza kukhala zaka 10 osafika pamalo, chaka chotsatira n'kubwerera m'njira yake yakale usiku umodzi. Mu 2017 Lingadzi anasefukira n'kulowa m'nyumba za ku Mtandire ndi madera oyandikana nawo, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho madzi anaononga ku Kawale, ku Kaliyeka ndi ku Chipasula, anthu n'kufa.

M'mbali mwa mtsinje mumayenera kusiyidwa malo osamangapo ndi osalimapo. Musanapereke ndalama, pitani kunthambi ya mapulani ya khonsolo akakuuzeni ngati malowo ndi ololedwa kumangapo. Kalata ya amfumu kapena ya wogulitsa si chilolezo chomangira. Funsaninso okalamba a m'deralo kuti chigumula chachikulu chinafika pati, ndipo yang'anani m'mitengo ya m'mbali mwa mtsinje: pamene pakolekeka majumbo ndi zinyalala ndi pamene madzi anafika.

Ndikudziwa kuti ambiri amamanga m'malo otere chifukwa chosowa kolowera, osati chifukwa chokonda. Khonsolo ikamauza anthu kuti asamuke iyeneranso kuwaonetsa koti apite. Koma kumalo komweko kukumangidwanso nyumba zikuluzikulu ndi mashopu a anthu amene sakusowa kanthu, ndipo amenewa ndi amene amakankhira mtsinje kwa osauka a tsidya lina.

Nanga mafakitale, magalaja ndi otsuka galimoto?

Fakitale iyenera kutsuka madzi ake isanawatulutse, kaya ikuthira m'suweji ya mzinda kapena mumtsinje, ndipo pothira mumtsinje pamafunika chilolezo chimene tatchula pa funso la malamulo. Bungwe la Malawi Bureau of Standards lili ndi miyezo ya mmene madzi otulutsidwawo ayenera kukhalira. Ntchito yaikulu isanayambe pamafunikanso kafukufuku wa mmene idzakhudzire chilengedwe ndi anthu, amene amaunikidwa ndi MEPA. Aliyense amene anayendapo m'mbali mwa Mudi kumunsi kwa dera la mafakitale la Makata m'chilimwe amadziwa mtundu ndi fungo la madzi ake, ndipo sangakhulupirire kuti miyezoyi ikutsatidwa ndi onse.

Mabizinesi ang'onoang'ono amaoneka ngati alibe vuto, koma ndi ambiri. Oilo wakutha wa pagalaja asungidwe m'migolo, asathiridwe pansi kapena m'ngalande, chifukwa wochepa chabe amayala pamwamba pa madzi ambiri n'kupha zamoyo za m'menemo. Asidi wa mabatire, penti, mankhwala a kusaluni, magazi ndi matumbo a pophera mbuzi, zonsezi si za m'ngalande. Otsuka galimoto akhale ndi dzenje logwira matope ndi mafuta, osati kutsukira mumtsinje mwenimwenimo. Okumba mchenga ndi oumba njerwa m'mbali mwa mitsinje amagumula magombe, dothilo n'kukadzaza pansi pa milatho.

Ndaona madzi akuda, a thovu kapena onunkha akuthiridwa mumtsinje. Ndikanene kuti?

Kukhonsolo, nthambi ya zaumoyo ndi zachilengedwe, komanso ku MEPA kapena ku National Water Resources Authority. Ngati ndi paipi ya madzi akumwa yophulika, uzani bungwe la madzi la mzinda wanu tsiku lomwelo. Lembani tsiku, nthawi ndi malo, jambulani, ndipo onani ngati zimachitika nthawi yofanana, poti ena amatsegula usiku kapena mvula ikamagwa kuti zisaoneke. Perekani dandaulo lolemba, musunge kope lodindidwa. Kalata yosainidwa ndi anthu 30 a m'dera imayenda msanga kuposa foni ya munthu mmodzi. Ofesi ya boma ikangokhala chete, mukhoza kukadandaula kwa Ombudsman, amene amamva madandaulo okhudza maofesi a boma, ndipo lamulo la 2017 lija limalola munthu kupita kukhoti kukateteza ufulu wake wa malo aukhondo.

Timalipira msonkho kukhonsolo. Bwanji ngalande sizikonzedwa?

Funso ili ndi loyenera, ndipo musachite nalo manyazi. Makhonsolo amapeza ndalama kuchokera ku msonkho wa nyumba ndi malo, ziphaso za bizinesi, matikiti a mumsika ndi thandizo la boma. Amadandaula kuti ambiri salipira, ndiponso kuti akuba amazula zitsulo zovindikira ngalande kukagulitsa ngati sikirapu. Zonsezo ndi zoona. Koma ndi zoonanso kuti ngalande zimakumbukiridwa mvula itagwa kale, pomwe nthawi yochotsa mchenga ndi Seputembala ndi Okutobala. Ndipo ogwira ntchito akafukula matope n'kuwaunjika m'mphepete mwa ngalande osabwera kudzawatenga, mvula yotsatira imawabwezera momwemo.

Khansala wanu ndiye khomo loyamba. Mufunseni kuti m'ndondomeko ya ndalama ya chaka chino muli ngalande iti ya m'dera lanu, ndipo pamene msewu ukumangidwa, funsani kumene madzi ake akathire kontirakita asanachoke. Msewu wopanda ngalande sukhalitsa, ndipo ngalande yothera pakhomo pa munthu ndi tsoka lomangidwa ndi ndalama zathu zomwe. Mu Novembala 2020 boma linakhazikitsa tsiku losesa dziko lonse mwezi ndi mwezi. Kusesa pamodzi kumathandiza, koma sikulowa m'malo mwa galimoto ya zinyalala. M'madera ena anthu amasonkha ndalama pang'ono pamwezi n'kulemba achinyamata otolera zinyalala khomo ndi khomo. Zimayenda bwino ngati mwagwirizana ndi khonsolo za malo oika bini yaikulu ndi tsiku lodzaitenga.

Pakhomo panga ndingachite chiyani kuti madzi asavutitse ine kapena a kumunsi?

Gwirani madzi pamene agwera. Ikani magatala padenga n'kulozetsa mu thanki kapena m'migolo yovindikira bwino. Madziwo ndi abwino kuchapira, kukolopera ndi kuthirira, ndipo bilu ya madzi imatsika. A mvula yoyamba muwasiye apite, chifukwa amatsuka fumbi ndi zitosi za padenga. Bwalo lonse musalimate simenti. Siyani kapinga, thirani timiyala, kapena yalani njerwa zosiya mipata. Pamalo otsetsereka dzalani udzu wa vetiva m'mizere yopingasa, mizu yake imazama ndipo imagwira dothi. Zinyalala zowola, monga makoko ndi masamba, zikhale manyowa, zotsala zokatayidwa zichepe.

Sokawe ndi dzenje lomwetsa madzi pansi. Kumbani lozama ngati mita imodzi ndi theka, kutali ndi maziko a nyumba mamita osachepera 5, ndiponso kutali kwambiri ndi chitsime chilichonse. Musanapitirize, thiranimo ndowa zingapo za madzi madzulo. Mukapeza m'mawa madzi akadali momwemo, dothilo ndi la makande kapena madzi a pansi ali pafupi, ndiye sokawe sigwira pamenepo, funani malo ena. Ngati aphwa, dzazani dzenjelo ndi miyala ikuluikulu pansi, ing'onoing'ono pamwamba, lowetsani paipi, yalani chiguduli kuti dothi lisatsike, kenako vindikirani ndi silabu kuti mwana asagweremo. Sokawe ya madzi a padenga ikhale yosiyana ndi ya kubafa. Ya kukhitchini ikhale ndi kabokosi kogwira mafuta paipi isanafike padzenje, ndipo kabokosiko muzikachotsa mafuta kamodzi pa sabata, apo ayi mafuta amata miyala ija pakangopita miyezi yochepa. Ngati nyumba yanu ili paphiri lotsetsereka kwambiri, musakumbe sokawe musanafunse mainjiniya a kukhonsolo, chifukwa madzi olowa pansi pamalo otere amafewetsa dothi limene nyumba za kumunsi zatsamira.